Thupi limodzi, zilango zambiri: wopha anthu m'madera osiyana amaseweza kuti?

Nkhani zotere timazimva kawirikawiri, makamaka zochokera ku America. Khoti lina lalamula munthu kukakhala kundende moyo wake wonse. Patapita chaka, khoti la chigawo china lamupatsanso chilango chomwecho, mwina kasanu ndi kamodzi. Kwinakonso amugamula kuti aphedwe. Womva amangoti kakasi, chifukwa munthuyo ali ndi moyo umodzi ndi thupi limodzi. Ayambira ndende iti? Akamaliza kuno amapita uko? Nanga wina akafuna kumupha pomwe wina akufuna kumusunga, mawu omaliza ndi a yani?

Yankho lalifupi ndi lakuti amene ali ndi thupi la mkaidi m'manja ndiye amayamba, ena onse amaima pamzere atagwira mapepala. Koma kuti mzerewo umveke bwino, tiyambe ndi chifukwa chomwe chimaubweretsa.

Mphamvu za khoti zili ndi malire

Khoti lililonse lili ndi pomwe mphamvu zake zimathera, ndipo pa milandu yakupha malirewo nthawi zambiri ndi a malo: mlandu umazengedwa komwe magazi anakhetsedwa. Mwambowu ndi wakale. Ku England, zaka mazana angapo zapitazo, anthu wamba othandiza khoti kugamula ankasankhidwa m'dera lomwe munachitikira mlandu, poganiza kuti iwo ndiwo akudziwa nkhaniyo ndi eni ake. Malamulo aakulu a America anatengera ganizoli, nanena kuti woimbidwa mlandu azizengedwa m'chigawo chomwe anapalamulira.

Vuto lake nali. America ili ndi zigawo 50, ndipo chilichonse chili ndi malamulo ake a milandu, makhoti ake, ndende zake ndi bwanamkubwa wake. Pamwamba pa izi pali boma la dziko lonse, la feduro, lomwenso lili ndi makhoti ndi ndende zakezake. Milandu yambiri yakupha ndi ya zigawo. Choncho munthu akapha ku Ohio kenako n'kukaphanso ku Wisconsin, khoti la ku Wisconsin silingagamule za imfa ya ku Ohio ngakhale wakuphayo ataulula zonse pamaso pa jaji. Zili ngati munthu amene anakongola kwa anthu awiri osadziwana: kubweza kwa mmodzi sikufafaniza ngongole ya winayo, ndipo mmodzi sangakhululuke m'malo mwa mnzake.

Tisasokoneze ndi maboma ang'onoang'ono a m'kati mwa chigawo chimodzi. Amenewo malamulo awo ndi amodzi, ndende zawo zazikulu ndi zimodzi, motero n'kosavuta kuphatikiza milandu. Joseph DeAngelo, yemwe anavomera mu 2020 kuti anapha anthu 13 m'madera osiyanasiyana a California, anagamulidwa pamalo amodzi ku Sacramento. Mwini ngongole anali mmodzi.

Kodi si kumuzenga kawiri?

Pali lamulo lodziwika bwino loti munthu asazengedwe kawiri pa mlandu umodzi, ndipo ku America linalowa m'malamulo aakulu mu 1791. Ambiri akamva za zilango zosanjikizana amathamangira ku lamuloli. Koma ngati ophedwa ndi osiyana, milandunso ndi yosiyana. Apa palibe mkangano.

Mkangano umabuka pamene wophedwa ndi mmodzi koma maboma okhudzidwa ndi awiri. Mu 1981, Larry Heath analemba ganyu anthu awiri kuti aphe mkazi wake, yemwe anali woyembekezera. Anamutenga kunyumba ku Alabama, mtembo unakapezeka ku Georgia. Heath anavomera mlandu ku Georgia kuti apewe chilango cha imfa, ndipo anamupatsa ukaidi wa moyo wonse. Atangopumira m'mwamba, Alabama inamuzenga pa imfa yomweyo n'kumugamula kuti aphedwe. Khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linanena mu 1985 kuti palibe cholakwika: chigawo chilichonse ndi boma palokha, ndipo wophwanya malamulo a maboma awiri wapalamula milandu iwiri ngakhale anachita chinthu chimodzi. Heath anaphedwa ku Alabama mu 1992. Mu 2019, pa mlandu wa Gamble, khotilo linapemphedwa kutaya mfundoyi koma linakana, majaji 7 kutsutsana ndi awiri.

Si kulikonse komwe amaganiza choncho. Mayiko a ku Ulaya omwe ali m'pangano la Schengen anagwirizana kuti munthu amene mlandu wake wagamulidwa kotheratu m'dziko limodzi asazengedwenso m'dziko lina pa zomwezo, malinga ngati chilangocho anachiseweza kapena akuchiseweza.

Woyamba kugwira

Apa ndiye pagona nkhani. Boma lomwe layamba kumanga munthu limakhala ndi ufulu woyamba pa thupi lake. Ufuluwo umatha likamutulutsa pa belo, likathetsa mlandu, likamumasula pa parole (kutulutsa mkaidi chilango chisanathe, pa mfundo zoti azitsatira), kapena akamaliza chilango. Zisanatero, maboma ena angathe kungomubwereka.

Chodabwitsa n'chakuti mfundoyi inakhazikika pa mlandu umene sunali wakupha n'komwe. Charles Ponzi, kathyali wotchuka amene dzina lake linasanduka dzina la chinyengo cha ndalama, ankaseweza chilango cha boma la feduro pamene chigawo cha Massachusetts chinafuna kumuzenga milandu yake. Iye anati sizingatheke chifukwa ali kale m'manja mwa boma lina. Mu 1922 khoti lalikulu linamuyankha kuti mkaidi alibe mawu pa zimenezi: maboma awiri akagwirizana, mmodzi akhoza kubwereketsa mkaidi kwa mnzake, ndipo wobwereka sakhala mwini. Monga chinthu chilichonse chobwereka, ntchito ikatha chimabwerera kwa eni ake.

N'chifukwa chake mumamva kuti wakuti wamutengera ku chigawo china, kenako patapita miyezi ali m'ndende yake yakale. Jeffrey Dahmer, atapatsidwa zilango 15 za moyo wonse ku Wisconsin mu 1992, anamupititsa ku Ohio kukavomera mlandu wa munthu amene anamupha mu 1978. Analandira chilango cha nambala 16 n'kubwerera ku Wisconsin, komwe mkaidi mnzake anamupha mu 1994. Rodney Alcala ankadikira kuphedwa ku California. New York inamubwereka mu 2012, anavomera kupha akazi awiri, anamugamula, n'kumubweza. Anamwalira ku California mu 2021 ndi matenda. Chilango cha New York chinathera pa pepala.

Komabe woyamba kugwira akhoza kusiya ufulu wake mwadala. Mu Okutobala 2002, John Allen Muhammad ndi Lee Boyd Malvo anawombera ndi kupha anthu 10 m'madera ozungulira Washington. Asanu ndi mmodzi anaphedwa ku Maryland, ndipo n'komwe awiriwa anagwidwira. Koma anali m'manja mwa boma la feduro, ndipo mkulu wa zamalamulo wa nthawiyo, John Ashcroft, anawapereka kwa Virginia, chigawo chomwe chinkapha opalamula pafupipafupi ndiponso chinkalola chilango cha imfa kwa wazaka 17 ngati Malvo. Kusankha woyamba kuzenga si nkhani ya malamulo okha. Ndale zimalowapo, ndipo akuluakulu sabisa.

Kapepala ka mufayilo

Nanga oima pamzere aja amatsimikiza bwanji kuti mkaidi sawapulumuka? Amatumiza kalata ku ndende yomwe ikumusunga, yomwe pa Chingerezi amaitcha detainer. Uthenga wake ndi wachidule: munthuyu tikumufuna, musamutulutse tisanadziwe. Kalatayo imalowa mufayilo n'kukhala momwemo, zaka khumi, makumi awiri. Tsiku lotuluka likafika, mkaidi amavula yunifolomu, amasaina mapepala, amalandira kathumba ka katundu wake, koma pageti sapeza abale. Amapeza apolisi a chigawo china ali ndi unyolo ndi galimoto.

Kale makalata amenewa ankagwiritsidwa ntchito mwankhanza. Woimira boma pa milandu ankangotumiza kalata n'kukhala chete, osazenga mlandu. Mkaidi wa kalata yotere ankamusunga mokhwimitsa, ankamumana mwayi wa maphunziro ndi parole, pomwe mboni zake zikumwalira ndi kuiwala. Pofuna kuthetsa izi, zigawo zinapanga pangano lotchedwa Interstate Agreement on Detainers, lomwe boma la feduro linalowamo mu 1970. Zigawo zonse zili m'panganoli kupatula Louisiana ndi Mississippi.

Panganoli lili ndi mawotchi awiri. Mkaidi akapempha yekha kuti mlandu wake uzengedwe, uyenera kuyamba pasanathe masiku 180. Woimira boma akamuitanitsa, ali ndi masiku 120 kuchokera tsiku lomwe mkaidi wafika. Nthawi ikapitirira popanda chifukwa chomveka kukhoti, mlandu umatha, ndipo m'makhoti a zigawo sungadzukenso. Palinso lamulo loletsa kumuyendetsa uku ndi uku: ukamubwereka, umalize naye usanamubweze. Mu 2001 khoti lalikulu linavomereza kuthetsedwa kwa mlandu wa ku Alabama chifukwa mkaidi anamutenga tsiku limodzi lokha n'kumubweza mlandu usanazengedwe. Tsiku limodzi basi.

Zoyendera limodzi ndi zotsatizana

Munthu akakhala ndi zilango zingapo, zimawerengedwa mwa njira ziwiri. Zikayendera limodzi, tsiku limodzi m'ndende limachotsedwa pa zilango zonse nthawi imodzi, motero zaka 20 ndi zaka 30 zimatha pa zaka 30. Zikakhala zotsatizana, chachiwiri chimayamba choyamba chikatha, ndipo zaka zomwe zija zimakhala 50.

M'khoti limodzi n'zosavuta, jaji amangonena. Pakati pa maboma awiri m'pamene pali chimkulirano. Jaji wa chigawo akhoza kulemba kuti chilango chake chiyendere limodzi ndi cha feduro, koma mawu akewo samanga boma la feduro. Lamulo la feduro limati zilango zoperekedwa pa nthawi zosiyana zimakhala zotsatizana pokhapokha jaji wake atanena kuti ziyendere limodzi, ndipo silola kuti masiku omwe awerengedwa kale pa chilango china awerengedwenso. Loya wosasamala akhoza kuuza munthu wake kuti aseweza zaka 20, n'kupezeka kuti ndi 40.

Maboma akamvana zimayenda myaa. Derek Chauvin, wapolisi amene anapha George Floyd mu 2020, analandira zaka 22 ndi theka ku Minnesota ndi zaka 21 kukhoti la feduro pa mlandu wophwanya ufulu wa munthu. Anagwirizana kuti ziwirizi ziyendere limodzi ndipo aziseweze m'ndende ya feduro. Apa pakuoneka chinthu chomwe ambiri sachidziwa: ndende yomwe munthu akugona si umboni wa boma lomwe chilango chake chikuwerengedwa. Boma lina likhoza kusungira linzake mkaidi.

Ndiye zilango 161 za moyo wonse n'zachiyani? Funsoli ndi la Terry Nichols, amene anathandiza kuphulitsa nyumba ya boma ku Oklahoma City mu 1995, pomwe anthu 168 anafa. Khoti la feduro linamuzenga pa imfa za anthu 8 okha, ogwira ntchito zachitetezo a boma la feduro, ndipo mu 1998 linamupatsa ukaidi wa moyo wonse. Oklahoma inamuzenga mu 2004 pa anthu 160 otsalawo ndi mwana mmodzi wosabadwa, n'cholinga choti aphedwe. Oweruza wamba sanamvane pa za imfa, choncho jaji anapereka zilango 161 zotsatizana. Nichols ali m'ndende ya feduro ya ADX Florence ku Colorado.

Kunena zoona, chiwerengerochi chimamveka ngati sewero, koma chili ndi ntchito. Chilango chimodzi chikhoza kugwa pa apilo, zina n'kutsala chiimire. Mtsogoleri wa dziko angakhululukire milandu ya feduro yokha, bwanamkubwa ya chigawo chake chokha, kotero palibe munthu mmodzi amene angatsegule zitseko zonse. Komanso m'zigawo zambiri mawu oti moyo wonse satanthauza kufera m'ndende. Amalola kupempha parole pakapita zaka zakutizakuti, ndipo zilango zotsatizana zimakankhira tsikulo kutali. Ndi loko kuseri kwa loko. Chifukwa china si cha masamu: banja lililonse limafuna kumva dzina la m'bale wawo likutchulidwa m'khoti, ndi chigamulo chakechake.

Mayiko ena sayenda njira imeneyi. Ku England jaji amapereka ukaidi wa moyo wonse n'kutchula zaka zomwe munthu ayenera kukhala asanapemphe kutuluka, kapena kulamula kuti asadzatuluke n'komwe. Canada inayesa mu 2011 kulola kusanjikiza zaka 25 pa munthu aliyense wophedwa, koma khoti lake lalikulu linathetsa lamulolo mu 2022, likunena kuti ndi nkhanza kumana munthu chiyembekezo chilichonse.

Wina akufuna kupha, wina akufuna kusunga

Palibe lamulo lonena kuti chilango cha imfa chimadumpha mzere. Muhammad atagamulidwa kuti aphedwe ku Virginia, Maryland inamubwereka mu 2006, inamupatsa zilango 6 za moyo wonse, n'kumubweza. Virginia inamupha pa 10 Novembala 2009. Mwini thupi anali Virginia, ndiye zinathera pomwepo.

Nkhani ya Thomas Grasso inayenda mosiyana. Anapha gogo wina wamkazi ku Tulsa, Oklahoma, mu 1990, n'kukaphanso nkhalamba ina ku New York chaka chotsatira. New York, yomwe panthawiyo inalibe chilango cha imfa, ndiyo inamugwira n'kumupatsa zaka zosachepera 20. Oklahoma inamubwereka n'kumugamula kuti aphedwe, ndipo mwiniwake ankafuna zimenezo. Koma bwanamkubwa wa New York, Mario Cuomo, yemwe ankadana ndi chilango cha imfa, anaumirira kuti wobwereka abweze, ndipo mu 1993 khoti linamumvera. Grasso anabwerera ku New York. Nkhaniyi inalowa m'kampeni ya chisankho cha 1994. George Pataki analonjeza kumutumiza ku Oklahoma, anapambana, nachitadi mu Januwale 1995. Pa 20 Malichi chaka chomwecho Grasso anaphedwa. Malamulo sanasinthe, chinasintha ndi munthu wokhala pampando.

Malire akakhala a mayiko

Pakati pa zigawo za America, kutumiza wothawa mlandu ndi udindo wolembedwa m'malamulo aakulu, ndipo kuyambira 1987 makhoti a feduro akhoza kukakamiza bwanamkubwa wokana. Pakati pa mayiko palibe wokakamiza mnzake. Zonse zimadalira mapangano, ndipo dziko lomwe lili ndi mkaidi likhoza kuika mfundo zake.

Mfundo yaikulu ndi ya chilango cha imfa. Jens Soering, mnyamata wa ku Germany, ankafunidwa ku Virginia pa imfa ya makolo a chibwenzi chake, ndipo anagwidwa ku London. Mu 1989 khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linati kumutumiza kukadikira imfa zaka zambiri kungakhale kumuzunza. Anamutumiza America italonjeza kuti saphedwa. Analandira zilango ziwiri za moyo wonse, ndipo mu 2019 anamumasula n'kumubweza kwawo. Khoti loona za malamulo aakulu ku South Africa linanenanso chimodzimodzi mu 2001, kuti boma linalakwa popereka Khalfan Khamis Mohamed kwa America popanda lonjezo lotere, pa mlandu wophulitsa ofesi ya kazembe ku Dar es Salaam mu 1998.

Kubwerekana kuliponso. Joran van der Sloot wa ku Netherlands akuseweza zaka 28 ku Peru chifukwa chopha mtsikana ku Lima mu 2010. Mu 2023 Peru inamubwereketsa kwa America, komwe anavomera mlandu wolanda ndalama mayi wa Natalee Holloway, mtsikana amene anasowa ku Aruba mu 2005. Anaululanso kuti ndiye anamupha. Khoti la ku Alabama lomwe linamva mlandu wa ndalamawo silikanamuzenga pa imfayo chifukwa inachitikira kunja kwa malire ake. Linamupatsa zaka 20 za kulanda ndalama, zoyendera limodzi ndi za ku Peru, ndipo anabwerera ku Peru. Kusamutsa mkaidi kuti akamalizire chilango kwawo ndi nkhani inanso, yomwe pangano la ku Strasbourg la 1983 limayendetsa. Kumeneko pamafunika mayiko onse awiri avomere, ndipo nthawi zambiri mkaidinso.

Zomwe sizinayankhidwe

Kodi ndi bwino kuti boma lachiwiri liwononge ndalama ndi zaka pozenga munthu amene sadzatulukanso? Ena amati ndi kutaya chuma chomwe chikanathandiza kufufuza milandu yomwe wopha sanapezeke. Ena amaloza ku zigamulo zomwe zagwa pa apilo patapita zaka zambiri, n'kufunsa kuti pakanapanda chigamulo chachiwiri bwenzi zili bwanji.

Mfundo ya maboma awiri nayo ikadali ndi otsutsa. Majaji awiri omwe anakana pa mlandu wa Gamble, Ruth Bader Ginsburg ndi Neil Gorsuch, ankasiyana maganizo pa zambiri koma apa anakumana: kwa munthu woimbidwa mlandu, kuzengedwa kawiri n'kuzengedwa kawiri, kaya ozengawo ndi maboma angati. Zigawo zina zinadziikira zokha malamulo oletsa kuzenganso mlandu womwe boma lina lagamula kale, zina ayi, choncho chitetezo cha munthu chimadalira mbali ya malire yomwe waima.

Palinso funso la yemwe ayenera kusankha woyamba. Ngati moyo wa Grasso unadalira chisankho cha bwanamkubwa, ndipo tsogolo la Muhammad linadalira ganizo la nduna imodzi, kodi pakufunika lamulo lolembedwa, kapena kumvana kwa maboma n'kokwanira?

Ndipo malamulo akasintha munthu ali kale pamzere, zimatha bwanji? Malvo anapalamula ali ndi zaka 17. Kuchokera nthawiyo makhoti aku America achepetsa zilango za ana, ndipo Virginia inakhazikitsa lamulo mu 2020 lolola opalamula ali ana kupempha parole akatha zaka 20. Anapempha mu 2022, anamukaniza. Chaka chomwecho khoti lalikulu la Maryland linalamula kuti zilango zake 6 za kumeneko ziunikidwenso. Koma thupi lake lili ku Virginia. Virginia ikadzamumasula tsiku lina, pageti padzakhala galimoto ya ku Maryland, ndipo jaji wa kumeneko adzafunika kugamula ngati zaka zonse zomwe Malvo wakhala m'ndende ya eni ena zili ndi kanthu pa ngongole yake ya ku Maryland.